Dzulo Bala Linali Bwanji?

Aliyense amene anaphunzira unamwino amadziwa pamtima zizindikiro zinayi za malo amene thupi likulimbana ndi chovuta: kufiira, kutupa, kutentha ndi kupweteka. Amene anazisanja chonchi ndi Celsus, Mroma amene anakhalapo zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo pambuyo pake madokotala anawonjezapo chachisanu, chakuti chiwalo chimakana kugwira ntchito yake. Vuto lake n'lakuti chizindikiro choyamba pa mndandandawo, chimenenso zithunzi za m'mabuku athu zimachionetsa kwambiri, ndi chimene kuno kwathu sitichiona kawirikawiri. Pa mwendo wa mzungu, khungu lozungulira bala lolowa tizilombo limafiira kuti psuu, moti munthu amaona ali pakhomo. Pa mwendo wa mlimi wa ku Ntcheu malo omwewo amangoderapo kuposa khungu lina, n'kumanyezimira chifukwa khungu lakokeka. Ukamadikira kufiira kwa m'buku, mwendo utupa mpaka m'bondo iwe uli chidikirire.

Ntchito yanga ndi yotsuka ndi kumanga mabala pa chipatala china cha boma, ndipo m'kachipinda kamene ndimagwirira ntchitoyi ndimakhulupirira dzanja kuposa diso. Wodwala akakhala pa benchi ndimamupempha kuti avundukule miyendo yonse iwiri, ngakhale ena amadabwa kuti wabwinowo walakwanji. Ndikasamba m'manja ndimagunditsa kuseri kwa dzanja langa pa mwendo wabwino, kenako pa malo omwewo a mwendo wa bala, kuyambira kutali n'kumayandikira. Pali malo pamene kutentha kumasintha, ndipo dzanja limamva msanga. Pamenepo ndimasindikiza pang'ono ndi chala. Mnofu wabwino umakhala wofewa, koma wolowa tizilombo umalimba kuti gwa, ndipo mwini wake amakoka mwendo asanaganize n'komwe. Ndikapeza malire ake ndimatenga bolopeni n'kulemba mzere pakhungu kuzungulira malo onse otenthawo, ndi tsiku pambali pake. "Agogo, posamba musafufute mzerewu, mawa ndiufuna." Mawa lake kutupa kukakhala kuti kwalumpha mzere, palibenso zokambirana, matenda akuyenda.

Mzerewo umandithandiza kuyankha funso limene ndimafunsa aliyense wolowa m'chipindamo: dzulo bala linali bwanji? Kuona bala kamodzi sikuuza munthu zambiri. Bala lililonse latsopano, ngakhale losokedwa mwaukhondo kufiyeta, limatupa, limatentha ndiponso limapweteka masiku awiri kapena atatu oyamba. Amenewo si matenda. Timitsempha ta magazi timatseguka kuti asilikali a m'thupi afike pamalopo, achotse dothi ndi minofu yakufa, ntchito yomanga iyambe. Chofunika n'chakuti zonsezi zizichepa tsiku ndi tsiku. Bala lolowa tizilombo limabwerera m'mbuyo. Munthu anali atayamba kugona bwino, Panado mmodzi akumukwanira, kenako cha pa tsiku lachinayi kapena lachisanu ululu wabweranso, ndipo ndi wamtundu wina, wogunda limodzi ndi mtima, wosalola kutsitsa mwendo pansi. Ululu wobwererawu ndimaulemekeza kuposa chizindikiro china chilichonse, chifukwa kawirikawiri umafika mafinya asanaoneke. N'chifukwa chake namwino amene amatsegula bandeji asanamve mawu a mwini bala wataya kale theka la nkhani.

Anthu ambiri amaganiza kuti bala labwino ndi lopanda tizilombo. Bala lotero kulibe. Khungu lathu lili ndi mabakiteriya ambirimbiri, ndipo likangong'ambika ena amagweramo nthawi yomweyo. Amene amapezeka kwambiri m'mafinya ndi Staphylococcus aureus, amene dokotala wa opaleshoni wa ku Aberdeen, Alexander Ogston, anamuona m'mafinya a zithupsa mu 1880. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amayenda naye m'mphuno osadwala. Mabakiteriya angakhale pa bala, ngakhale kuswana kumene, thupi n'kumapolabe osawalabadira. Matenda amayamba pamene achuluka kuposa mphamvu za thupi n'kuyamba kuwononga mnofu wamoyo. Choncho tikatenga kathonje n'kupukuta pa chilonda chilichonse n'kutumiza ku labu, yankho lidzabwera lakuti muli tizilombo, koma yankho limenelo palokha silinena kuti munthu akufunika mankhwala. Timayeza ku labu kuti tidziwe mdani ndi mankhwala amene angamuphe, titaona kale ndi maso ndi manja kuti bala ladwala.

Zotuluka m'bala n'zimene zimasokoneza kwambiri abale odikirira odwala. Madzi oyera, kapena achikasu pang'ono koma ooneka mkati, ndi abwinobwino, bola azichepa. Mafinya ndi ena: ndi okhuthala, osaoneka mkati, ndipo kwenikweni ndi asilikali a m'thupi amene afera pankhondo, osakanikirana ndi mabakiteriya ndi mnofu wosungunuka. Palinso chinthu china chachikasu chimene chimamatirira pansi pa chilonda, chosachoka ukathira madzi. Chimenecho si mafinya koma mnofu wakufa, ndipo mankhwala akumwa sachichotsa, chimafuna kuchotsedwa ndi dzanja la wodziwa, pang'onopang'ono, chifukwa ndicho chakudya cha tizilombo. Pansi pa chilonda chimene chikupola pamakhala pofiira bwino, ponyowa, ndi timatuza ting'onoting'ono ta mnofu watsopano, ndipo m'mphepete mumaoneka kamzere kotuwa ka khungu limene likulowa mkati. Pansipo pakada, kapena pakamatuluka magazi ukangogunda pang'ono ndi kansalu, kapena chilonda chikakula m'malo mochepa, ndimadziwa kuti zinthu zasintha ngakhale mafinya palibe.

Mphuno nayo ili ndi ntchito. Bandeji iliyonse imene yakhala masiku awiri imanunkha, choncho fungo timaliweruza titatsuka bala. Likatsalabe, pali nkhani. Mu Juni ndi Julayi, pamene ana amagwera pamoto wowotha kapena kudzikhuthulira phala, komanso anthu odwala khunyu amapsa kwambiri, ndimakumana ndi bandeji zobiriwira mopita kubuluu, zokhala ndi kafungo kotsekemera konyansa. Mayi wa mwana amayamba kudzikana: "Sindinathiremo kanthu ine, anesi." Ndimawakhulupirira. Mtunduwo amaupanga ndi kachilombo kotchedwa Pseudomonas, kamene kamakonda malo onyowa ndi mabala a moto, ndipo sikamva mankhwala ambiri amene anthu amagula m'magolosale. Fungo la chinthu chowola lenileni, lija lodzaza chipinda chonse, limachokera kwa mabakiteriya amene amakhala kopanda mpweya, mkati mwa mnofu wakufa. Limenelo limanditumiza kukaitana adokotala.

Pali zilonda zina zimene zimangokhala, miyezi ndi miyezi, osakula kwenikweni, osapolanso. Mwini wake wamwa mankhwala a mitundu yonse, chilonda chimaoneka ngati chagonja sabata imodzi, kenako chabwerera. Kawirikawiri pamenepo mabakiteriya amakhala atamanga gulu n'kudzikuta ndi kautomoni koterera kamene amapanga okha, kofanana ndi ndere pa mwala wa kumtsinje: madzi amadutsa pamwamba tsiku lonse koma ndereyo ili pomwepo mpaka wina aikweche. Mankhwala akumwa salowa bwino m'kautomoni kameneka, ndipo ukakachotsa kamayambanso kumera m'masiku ochepa. N'chifukwa chake timauza munthu kuti azibwera kudzatsukitsa mobwerezabwereza, ngakhale ndalama ya kabaza ikumupweteka. Chilonda chotere chimafunanso kufunsa chifukwa chake sichikupola: magazi sakufika bwino kumwendo, munthuyo akudya moperewera, ali ndi magazi ochepa, amasuta fodya, kapena chitetezo chatsika chifukwa cha HIV. Chilonda chimene chakhala zaka, m'mphepete mwake n'kuyamba kutukumuka ndi kulimba, chiyenera kudulidwako kachidutswa kukayeza khansa.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi odwala shuga, chifukwa kwa iwo chizindikiro chija cha ululu sichigwira ntchito. Shuga akakhala wokwera zaka zambiri amapha mitsempha yomvera kumapazi, amachepetsa magazi ofika kuzala, ndipo amafooketsa asilikali a m'thupi. Bambo wina wazaka za m'ma 60 anabwera ndi mkazi wake, ndipo amene anali ndi dandaulo anali mkaziyo: masokosi a bambo akununkha modabwitsa. Bambowo ankaseka, akuti palibe chikuwawa. Kuphazi kunali kabowo kakang'ono kozunguliridwa ndi chikhungu cholimba, kosakwana n'komwe kukula kwa njere ya chimanga. Nditasindikiza pakati pa phazi, mafinya anatulukira pa kabowoko, ndipo kachitsulo kopimira kanalowa mpaka kukagunda fupa. Mu nsapato yawo munali kamsomali kotulukira mkati, kamene anakhala akukaponda osamva. Thupi silinatenthe. Chokha chimene chinkaonetsa kuti m'thupi muli nkhondo chinali shuga, amene anakwera osamva mankhwala awo a masiku onse. Kumudzi anali atayamba kale kunena kuti anaponda zotchera, ndipo pa bondo panali mphini zatsopano. Kwa wodwala shuga, lezala ndi khomo lina lotsegulira tizilombo. Aliyense wodwala shuga aziona kuphazi kwake madzulo alionse, pakati pa zala pomwe, ndipo ngati maso kapena msana sizilola, mdzukulu amuonere. Azipisanso dzanja mu nsapato asanavale.

Zimene anthu amathira pa mabala ndaziona zambiri: mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, phulusa, dothi la pachulu, masamba otafuna, ngakhale oyilo wa galimoto. Sindikalipa, chifukwa munthu ukamukalipira ulendo wina sanena zoona, kapena sabweranso. Amachita zimenezi chifukwa chipatala chili kutali ndipo mwana akulira. Koma zonsezi zimabisa bala kuti tisalione bwino, ndipo pozichotsa mwana amamva ululu kawiri. Pa bala la moto chofunika ndi madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, kenako nsalu yoyera. Pa bala lina lililonse, madzi abwino akumwa ndi sopo kuzungulira bala, kapena madzi owiritsa lita imodzi osungunuliramo timasupuni tiwiri ta tiyi ta mchere. Galu akaluma, tsukani ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala chifukwa cha chiwewe, ndipo musadabwe tikakana kusoka bala lotero. Kusoka bala lakuda ndi kutsekera tizilombo m'nyumba.

Chizolowezi chimene ndimalimbana nacho kwambiri ndi cha makapisozi. Munthu amagula awiri kapena atatu pa okala, mmodzi amamwa, wina amatsegula n'kuwaza ufa wake pa chilonda. Ufawo umauma n'kupanga chikhoko, pansi pake mafinya akusonkhana. Mabakiteriya ofooka amafa, olimba amatsala n'kuswana. Izi si nthano za kunja. Ofufuza a ku Blantyre anasanthula tizilombo topezeka m'magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth kuyambira 1998 mpaka 2016. Anapeza kuti mabakiteriya a Klebsiella osamva mankhwala amphamvu a gulu la ceftriaxone anachoka pa 12 mwa 100 alionse mu 2003 kufika pa 90 mu 2016, ndipo a E. coli anachoka pa osakwana mmodzi kufika pa 30. Ceftriaxone ndi jakisoni amene timadalira munthu akadwalika. Ifenso achipatala tili ndi gawo lathu, chifukwa n'kosavuta kulembera munthu mankhwala kuti mzere uyende kusiyana ndi kukhala naye pansi n'kutsuka bala bwinobwino. Ndipo pamene mafinya asonkhana n'kupanga thumba, palibe mankhwala amene angalowe m'malo mwa kutumbula. Chithupsa chofewa pakati chimafuna mpeni wa dokotala, mafinya atuluke. Nthawi zambiri wodwala amagona tulo usiku womwewo.

Mabala ena amadwala chifukwa cha manja athu. Mu 1847, pa chipatala china chachikulu ku Vienna, dokotala Ignaz Semmelweis analamula kuti madokotala ndi ophunzira ochokera kong'amba mitembo azisamba m'manja ndi madzi a kolorini asanagwire amayi obereka. Mu Epulo chaka chimenecho, lamuloli lisanayambe, amayi 18 mwa 100 alionse anamwalira m'wodi yake. Pofika Juni anali awiri mwa 100. Anzake ambiri sanamumvere. Mu 1865 ku Glasgow, Joseph Lister anamanga ndi nsalu yoviika mu asidi wa carbolic mwendo wa mnyamata wa zaka 11 amene anapondedwa ndi ngolo fupa n'kutulukira kunja, bala limene masiku amenewo linkathera kudula mwendo kapena kumanda. Mnyamatayo anachira ndi mwendo wake. Zaka zoposa 150 zapita, koma tsiku limene pampopi pauma, kapena zitsulo zowiritsa zili zochepa kuposa odwala a pa benchi, nkhani ya Semmelweis imakhala ya lero. Magolovesi amatinamiza: amateteza wovala, koma akagwira odwala awiri amanyamula za woyamba kupatsa wachiwiri. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa, mwaulemu, ngati tasamba m'manja, ndipo namwino wabwino sakwiya nazo.

Bungwe la World Health Organization linanena mu 2016 kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, odwala 11 mwa 100 alionse ochitidwa opaleshoni amadwala bala, ndipo mu Africa muno amayi obereka kudzera opaleshoni amene bala lawo limalowa tizilombo amafika mpaka 20 mwa 100. Achipatala amawerengera bala la opaleshoni kuti lingadwale mpaka masiku 30, koma mayi amatuluka m'chipatala patangopita masiku ochepa. Ndiye kuti matenda ambiri amayambira kunyumba, pansi pa chitenje chomangidwa zolimba, pamene aliyense maso ali pa khanda. Mayiyo saona bala lake chifukwa lili kunsi kwa mimba, ndipo amaganiza kuti ululu ndi mmene zimakhalira. Ndimauza apongozi kapena achemwali amene abwera kudzamutenga kuti ntchito yawo si kuphika phala lokha. Tsiku lililonse aziona balalo poyera: kodi mbali imodzi yatupa kapena kulimba kuposa inzake? Pali madzi akutuluka pakati pa ulusi? Milomo ya bala yayamba kutseguka? Mayi akumva kuzizidwa, kapena zotuluka kumusi zayamba kununkha? Chimodzi mwa zimenezi n'chokwanira kubwerera, osadikira tsiku lochotsa ulusi.

Matenda akachoka pa bala amadutsa njira zodziwika. Mwanabere m'mphechepeche kapena m'khwapa amatanthauza kuti tizilombo tafika pa malo osefera a thupi. Nthawi zina pamakhala mzere wopweteka wochokera pa bala kukwera m'mwamba, umene pa khungu lakuda umamveka ndi chala kuposa kuoneka. Pali mtundu wina woopsa umene umayenda pansi pa khungu m'maola ochepa: ululu wake umaposa kutali mmene bala likuonekera, khungu limatuluka matuza akuda, ndipo nthawi zina ukasindikiza umamva kuthetheka kwa mpweya pansi pake. Ameneyo ndi wa kufiyeta tsiku lomwelo. Kafumbata ndiye sasamala maonekedwe a bala. Kachilombo kake kamakhala m'dothi ndi m'ndowe, kamalowera pa minga, pa msomali, pa khasu, kapena pa mchombo wa khanda wopakidwa zinthu, ndipo pakati pa masiku 3 ndi 21 nsagwada zimayamba kuuma, bala mwina litapola kale. Amayi ambiri ndi otetezeka chifukwa amabayidwa katemera kusikelo ya apakati. Abambo ambiri anabayidwa komaliza ali makanda, ndiye bambo akabwera ndi bala la kumunda ndimafunsa za katemera ndisanatsegule n'komwe bandeji.

Tizilombo tikalowa m'magazi, thupi lonse limasokonekera, ndipo apa m'pamene anthu athu ambiri amatayika, chifukwa zizindikiro zake zimafanana ndi malungo: kutentha thupi, kunjenjemera, kuphwanya m'thupi, kufooka. Munthu amamwa LA, mankhwala a malungo otsala a mwana, n'kudikira masiku atatu. Akapita kuchipatala amangonena kuti malungo, bala lili lobisika mu thalauzi kapena pansi pa chitenje, ndipo pa mzere wa anthu 200 palibe amene amamuvula. Yang'anani kupuma: munthu wamkulu akamapuma ka 22 kapena kuposa pa mphindi imodzi ali chigonere, zinthu sizili bwino. Yang'anani ngati wayamba kubwebweta kapena kugona mosadzutsika, ngati mkodzo wachepa, ngati manja ndi mapazi azizira. Kwa okalamba ndi makanda thupi likhoza kuzizira m'malo motentha, ndipo khanda limangosiya kuyamwa. Zikatero musadikire kuti kuche. Ndipo mukafika, kaya magazi aonetsa malungo kaya ayi, uzani woyeza kuti pali bala, linayamba liti, munathirapo chiyani, ndi makapisozi angati amene wodwala wamwa kale. Kenako vundukulani, alione.